Yenderani mapazi a asilikali, chisanu chafika

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi akuluakulu a asilikali, a kumudzi ku Malawi ndi a kuno ku Zimbabwe, komanso ndi makolo amene ana awo avala yunifolomu. Ine ndine mwana wa anthu a ku Dedza amene anabwera kudzagwira ntchito mzinda uno wa Harare ukadali Salisbury. Ndimakhala ku Tafara, ndipo unyamata wanga ndinauthera ku usilikali, mbali ya zachipatala, kumanga mabala ndi kupima anyamata tisananyamuke ulendo. Chandigwiritsa cholembera ndi kuzizira, makamaka zomwe kumachita ku mapazi a msilikali.

Yankho la ambiri ndikulidziwa kale. Ati, bambo inu, chisanu chopha anthu chili ku Russia ndi ku Canada, kwathu kuno kuli chiyani? Maganizo amenewa ndiwo apundula anyamata amene sanayenere kupunduka. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Mu Juni ndi Julayi masana dzuwa limawala mpaka munthu kuvula juzi, koma m'bandakucha kumatsika kufika madigiri 7 kapena kucheperapo, ndipo masiku ena m'madambo, monga cha ku Cleveland Dam kufupi ndi kwathu kuno, udzu umacha utayera mbee. Ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye werengani nokha: phiri la Nyangani ndi mamita 2,592, Sapitwa ku Mulanje ndi 3,002. Onjezanipo mphepo ya ku Nyika ndi ku Viphya, ndi chifunga chomwe chimanyowetsa malaya popanda dontho la mvula. Munthu wamba kukatero amalowa m'nyumba. Msilikali amauzidwa kuti agone chafufumimba pa udzu wonyowa mpaka kuche, osasuntha, osakoleza moto.

Kuti phazi liwonongeke sipafunika madzi oundana ayi. Matenda omwe asilikali a ku Ulaya anawatcha trench foot amagwira munthu kunja kuli pakati pa madigiri 0 ndi 15, bola phazi likhale lonyowa nthawi yaitali. Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Thupi likamva kuzizira limafinya timitsempha ta magazi ta m'manja ndi m'mapazi, pofuna kusungira kutentha mtima ndi ubongo. Zikakhala za ola limodzi kapena awiri palibe kanthu. Koma zikatenga usiku wonse, tsiku lotsatira ndi usiku winanso, mnofu umayamba kusowa chakudya, ndipo mitsempha yomwe imatithandiza kumva tikakhudzidwa ndiyo imayamba kufa. Jombo yothina imawonjezera vuto. Kuima malo amodzi pa ulonda kumawonjezeranso. Ngakhale thukuta lenilenili limakwanira kunyowetsa sokosi, osawoloka mtsinje uliwonse.

Ndinaziona ndi maso cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, tili pa maphunziro a nkhondo kumapiri a Nyanga mwezi wa Julayi. Kunkagwa mawawa aja kuno amati guti, omwe a ku Thyolo angawatche chiperoni. Tsiku loyamba anyamata anawoloka mtsinje wa madzi a m'mawondo, ndipo mkulu wina analamula kuti aliyense azigona atavala jombo, kuti akadzidzimutsidwa usiku asatayenso nthawi ndi zingwe. Patapita masiku anandibweretsera mnyamata wina amene ankapunthwa pena paliponse. Iye ankakana kuti sakudwala, ati miyendo yangochita dzanzi basi. Jombo zinakana kuvuka, tinachita kudula zingwe ndi mpeni. Phazi linali lotupa, lozizira, khungu la kunsi loyera ndi lamakwinya ngati chinangwa chomwe chagona m'madzi podikira kondowole. Ndinamubaya ndi pini pa chala chachikulu, iye kumangondiyang'ana. Ululu unadzabwera phazi litayamba kufunda, ndipo unali ululu woti mwamuna wamkulu kulira mokuwa usiku wonse, osafuna ngakhale bulangete limukhudze. Zala sanadule, koma usilikali wake unathera pomwepo. Ndinadzakumana naye patapita zaka ku Mbare Musika, mwezi wa Meyi ukungoyamba, iye atavala kale masokosi awiriawiri. Anandiuza kuti kukangozizira pang'ono mapazi amamuwotcha ndi kumubaya, moti ntchito yoima siimutheka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mankhwala ake anapezeka kalekale, ndipo si odula. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1914 mpaka 1915, asilikali a Britain oposa 20,000 anathandizidwa chifukwa cha matendawa, ataima masiku ambiri m'ngalande zamadzi ku France ndi ku Belgium. Chomwe chinachepetsa chiwerengerochi si jekeseni. Msilikali aliyense ankapatsidwa masokosi ouma osinthira, ankalamulidwa kuvula jombo tsiku lililonse, kupukuta mapazi ndi kupaka mafuta a namgumi. Anawaika awiriawiri, aliyense aziyang'anira mapazi a mnzake, chifukwa anaona kuti munthu wotopa mapazi ake amawanyalanyaza, koma a mnzake amawasamala poopa kufunsidwa. Ndipo maofisala anauzidwa kuti anthu awo akawola mapazi, mlandu ndi wawo. Komabe phunziro lotere limaiwalika msanga. Mu 1982, pa nkhondo ya ku Falklands, asilikali a dziko lomwelo anavutikanso ndi matenda omwewo, atayenda mitunda italiitali m'zithaphwi ndi jombo zolowa madzi.

Ndiye pempho langa lalikulu ndi ili. Msilikali mfuti yake imayenderedwa. Kopolo amasuzumira mumpope, akapeza dzimbiri mwini wake amaona zakuda. Bwanji phazi lomwe limanyamula mfutiyo siliyenderedwa? Madzulo alionse gulu likaima, kopolo auze anthu ake avule jombo, theka loyamba kenaka theka linalo kuti ulonda usaime, ndipo aone phazi lililonse ndi maso ake, aligwire ndi dzanja lake. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Sokosi yonyowa ifinyidwe, ilowetsedwe m'kati mwa malaya pamimba kapena m'khwapa kuti iume ndi kutentha kwa thupi, youma ivalidwe pogona. Sokosi imodzi youma isungidwe m'pulasitiki, isakhudzidwe masana ngakhale zitavuta bwanji. Mafuta a namgumi tilibe ndipo sitikuwafuna. Thaulo laling'ono ndi paudala wa mapazi n'zokwanira.

Pali chinthu china chomwe tiyenera kuuzana mosabisa, ife anthu akuda. Madokotala a asilikali a ku Britain ndi ku America apeza mobwerezabwereza kuti asilikali akuda amavulala ndi kuzizira kangapo kuposa anzawo achizungu, ngakhale atavala zofanana ndi kugona m'dzenje limodzi. Ofufuza anaona kuti timitsempha ta m'zala zathu timafinyika kwambiri kukazizira ndipo timachedwa kutseguka. Si mantha, si ulesi, ndi mmene thupi linapangidwira. Izi zikukhudza ana athu enieni, poti Amalawi amalowa usilikali wa Britain kudzera mu Commonwealth, n'kukaphunzira ku Catterick ndi kumapiri amvula a Brecon ku Wales. Asilikali ambiri ochokera ku Africa achotsedwa ntchito kumeneko mapazi ndi manja zitawonongeka, ena mpaka kukafuna chipukuta misozi kukhoti. Mwana amene wavutikira mwayi umenewu, achibale atasonkha ndalama ya ndege, sangatsegule pakamwa kunena kuti zala sakuzimva. Amaopa kubwezedwa. Amangoluma mano, n'kutaya ntchito yomweyo imene amaiteteza. Makolo, mukamalankhula naye pa WhatsApp muuzeni kuti dzanzi losatha akanene tsiku lomwelo, ndipo aonetsetse kuti zalembedwa m'buku la kuchipatala.

Mabuku ophunzitsira nawonso analembedwa poganizira khungu loyera. Amati yang'anani ngati phazi layera, lafiira kapena lachita buluu. Pa khungu lathu zimenezi pamwamba pa phazi sizioneka bwino. Wophunzitsa anyamata a zachipatala awauze kuti azitembenuza phazi n'kuona kunsi kwake ndi pansi pa zikhadabo, azifinya chala n'kuona ngati magazi akubwerera msanga, azifananiza kutentha kwa phazi ndi kwa mwendo. Wodwalayo atsinzine, umukhudze chala chimodzichimodzi, anene chomwe wakhudza. Akalephera, ameneyo asabwererenso m'jombo yonyowa.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani ya kuzizira mwambiwu sugwira, chifukwa wovulalayo ndiye woyamba kusiya kumva. Phazi likachita dzanzi ululu umatha, mwini wake n'kuyesa kuti zayamba kuyenda bwino. Thupi lonse likazizira, zimafika poipa kuposa pamenepo, poti chomwe chimasokonezeka ndi mutu. Kutentha kwa munthu wabwinobwino ndi madigiri 37. Kukatsika pansi pa 35, ngozi yayamba. Poyamba amanjenjemera, mano kugundana. Kenaka manja amakanika kumanga batani, lilime limalemera, amayenda dzandidzandi, amayankha zosagwirizana ndi funso, mwina kukwiya popanda chifukwa kapena kungokhala duu osalabadira kanthu. Kunjenjemera kukasiya munthu asanafunde, musati wachira. Mphamvu zamuthera. Ena pamenepa amayamba kuvula zovala akuti akumva kutentha.

Tsono taonani mmene zizindikiro zimenezi zimatinamizira ife kuno. Msilikali akanjenjemera, tonse timati malungo, wina athamangire LA kapena Coartem. Akadzandira ndi kulankhula zosamveka, sajeni amati waledzera, akamutsekere. Akakhala chete pakona, timati akuzemba ntchito. Malungo apimidwe ndithu, koma amene wagona panja atanyowa, choyamba kumuganizira ndi kuzizira. Mugwireni pamimba kapena pachifuwa m'kati mwa malaya: wamalungo amatentha, uyu amazizira. Dziwaninso kuti themometa zakale zagalasi zambiri zimayambira pa 35, choncho sizingakuuzeni kuti munthu watsika kufika pati. Chikwama cha wazachipatala wa m'tchire chiyenera kukhala ndi yowerenga mpaka pansi.

Pomuthandiza, muchotseni pamphepo, muvuleni zonyowa, mumugoneke pa chinthu chouma, kaya ndi zikwama, udzu wouma kapena makatoni, chifukwa nthaka imayamwa kutentha kuposa mmene anthu amaganizira. Mufunditseni thupi lonse ndi mutu womwe, kuyambira pachifuwa. Ngati akutha kumeza bwino, apatsidwe tiyi wotentha wa shuga wambiri kapena phala. Amene wakomoka musamumwetse kanthu, musamuimiritse, musamugwedeze, poti mtima wozizira suchedwa kusokonezeka. Munyamuleni chogona, mwaulemu, mpaka kuchipatala, ndipo musafulumire kunena kuti watisiya chifukwa kugunda kwa mtima sikukumveka. Madokotala amayamba amufunditsa asanagamule. Phazi lonyowa lija nalonso lisatikitidwe, lisayandikizidwe kumoto, lisaviikidwe m'madzi otentha. Munthu wosamva kutentha amapsa akumwetulira. Lipukutidwe mofatsa, likwezedwe m'mwamba, lifunde lokha pang'onopang'ono. Kuviika m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39 n'kwa chiwalo chomwe chaundana zenizeni, monga zimachitikira kumaiko a chipale, ndipo kumachitika pokhapokha pali chitsimikizo chakuti sichikaundananso.

Za mbaula ndilankhule mwamphamvu, poti imeneyi imatipha ngakhale m'makomo mwathu muno mu Harare nyengo ino, makamaka magetsi akazima. Makala akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umakakamira m'magazi mwamphamvu koposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino. Mutu umayamba kuwawa, chizungulire, nseru, tulo tokoma, basi. Anyamata akazizidwa amalowetsa mbaula m'tenti kapena m'kanyumba ka pageti n'kutseka paliponse polowa mphepo. Ena amagona m'galimoto injini ikulira, mawindo otseka. Kuletsa kokha sikuthandiza ngati munthu alibe china chomufunditsa. Mupatseni chikhothi ndi chipewa chaubweya, mufupikitsireni nthawi ya ulonda, amene waima maola awiri usiku wabwino aime limodzi usiku wa chisanu, ndipo tiyi azizungulira. Akatero mbaula ikhala panja yokha.

Kachasu ndi tototo tam'mabotolo ting'onoting'ono nazo ndi bodza lokhalokha. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukuthawa, ndipo umagonetsa amene anayenera kukhala maso. Fodya amachita zosiyana, amafinya timitsempha ta m'zala tomwe tafinyika kale. Chofunditsa chenicheni ndi chakudya. Thupi lonjenjemera limatentha chakudya chambiri, choncho gulu lomwe lili kumapiri lisadye muyeso wa gulu lomwe lili kukampu. Madzi akumwanso amaiwalika, chifukwa kukazizira ludzu silimveka pamene munthu akukodza pafupipafupi.

Wina afunsa kuti asilikali athu amakumana nazo kuti zimenezi. Pa 10 Juni 2024, ndege yomwe inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itasowa, asilikali analowa m'nkhalango ya Chikangawa kufunafuna, m'chifunga, m'nyengo yozizira kwambiri pachaka. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, anakhala masiku m'madzi ndi m'matope ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Anzawo a kuno anachita chimodzimodzi ku Chimanimani namondwe Idai atawononga mu 2019. Mu 2013 asilikali a Malawi anatumizidwa kukatumikira kum'mawa kwa DRC, dera la mapiri ndi mvula yosaleka. Mu 2017 SADC inatumiza gulu ku Lesotho, dziko lomwe lonse lili pamwamba pa mamita 1,000 ndipo chipale chimagwa. Mnyamata wophunzira usilikali ku Salima, m'mphepete mwa nyanja, amadziwa bwino kuopsa kwa dzuwa ndi ludzu. Aphunzitsidwenso za mbali inayi asanakwezedwe lole yopita ku Nyika.

Kavalidwe nako nkofunika kukaphunzitsa, osangogawa katundu. Zovala zopyapyala zingapo zimafunditsa kuposa chimodzi chochindikala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati ndiwo umasunga kutentha. Pokwera phiri ndi katundu kumsana, vulako usanatuluke thukuta, ukaima valanso usanayambe kuzizidwa. Apa m'pomwe mwambo wathu wa perete umatipweteka: mkulu amafuna onse aoneke mofanana, wina akavala juzi onse avale, wina akavula onse avule, pamene matupi ndi osiyana ndipo wonyamula mfuti yaikulu satentha mofanana ndi wapageti. Thonje likanyowa limakakamira madzi ndipo silifunditsanso, pamene ubweya umafunditsabe ngakhale utanyowa. Jombo ikhale ndi malo oti zala zizisewera. Kuthithikiza masokosi awiri m'jombo yothina kale n'kudzimanga magazi wekha.

Ndisaiwale abale athu alonda, poti ambiri mwa iwo m'mafakitale a ku Msasa, Graniteside ndi Workington ndi ana a kumudzi, ena ndi asilikali opuma. Ndimawaona m'mawa ndikakwera kombi, atazinga mutu ndi thaulo, atayala katoni pansi pa mapazi ndi kulowetsa nyuzipepala m'malaya. Katoni ndi nyuzipepalazo ndi nzeru yabwino, apitirize. Koma jumbo yovala m'kati mwa nsapato usiku wonse imasunga thukuta, ndipo phazi limacha lili chinyezi. Akaweruka avule, asambe, apukute pakati pa zala. Mabwana a makampani a ulonda amene amagulira agalu awo mabulangete angathenso kugulira mlonda chikhothi.

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo amene amakhala m'komiti yoona za chitetezo, ku Lilongwe ngakhale kuno, ndikupempha kuti pokambirana ndalama za asilikali muzifunsako mafunso aang'ono omwe amaoneka ochititsa manyazi. Msilikali mmodzi amalandira masokosi angati pachaka, ndipo ndi a nsalu yanji? Jombo zomwe zagulidwa zinayesedwa m'madzi? Amene wavulala ndi kuzizira amalembedwa m'kaundula ndi dzina la matenda ake, kapena amangolembedwa kuti miyendo ikuwawa? Popanda kulemba, mkulu aliyense anena kuti vutoli kwathu kulibe, ndipo wopunduka akadzafuna chithandizo atapuma ntchito adzasowa pepala losonyeza.

Ndipo inu amayi amene mumatumiza mtedza, chiponde ndi ufa kwa mwana ali kukampu, ulendo uno ikanimonso masokosi aubweya. Pa kaunjika wa ku Mbare amapezeka, ndikhulupirira kuti ku Limbe ndi ku Mzuzu nakonso sasowa. Werengani kachikwangwani ka nsalu musanalipire, mutenge okula pang'ono poti ubweya umafota ukachapidwa, ndipo akhale akuda kapena obiriwira kuti sajeni asakawalande pa perete.

Ndine wanu,
Sajeni wopuma,
Tafara, Harare